Bokosi la Nesi Pabwalo Losinthira Ndege

Zaka makumi atatu ndi ziwiri Adalaivala anayendetsa malole odutsa malire a mayiko, ndipo kudepoti ankadziwika ndi khalidwe limodzi: sankalola kuti katundu agone kwina, iwo kwina. Lole ikafera pathengo, anzawo ankakwera basi kukasaka makaniko. Iwo ankayala katoni pansi pa thilela mpaka thandizo litawapeza.

Ndege anadzaikwera atapuma kale ntchito, ndipo sunali ulendo wokondwa. Mwana wawo woyamba, amene pakhomo ankangomutcha Nesi chifukwa cha ntchito yake, anagwa ali pantchito m'chipatala cha kudziko lakutali kumene anakhala zaka zisanu ndi chimodzi. Madokotala anati magazi anaundana m'mapapo. Anzake a kuntchito anatumiza tikiti, ndipo banja linati apite bambo ake, poti ndiwo anazolowera mapepala ndi zidindo. Mapepalawo anadya masabata awiri athunthu. Tsopano anali paulendo wobwerera, mwana ali m'bokosi.

Ndege yochoka kumeneko n'kukatera kwawo kunalibe. Ankayenera kuuluka maola asanu ndi awiri, kutsika pabwalo lalikulu la dziko lina lapakati, kudikira maola atatu, kenako kukwera ndege yachiwiri.

Mtsikana wa pakauntala anawapatsa timapepala tiwiri tolimba.

"Aka n'ka ndege yoyamba, aka n'ka yachiwiri. Sutikesi musavutike nayo, mukaipeza kwanu. Mukatsika pakati paja musatuluke panja. Muzingotsata zikwangwani za anthu osintha ndege."

"Nanga mwana wanga?"

Mtsikanayo anasuzumira kumbuyo kwawo kufuna kuona mwanayo. Adalaivala anatulutsa pepala la katundu lokhala ndi nambala yaitali n'kuliika pakauntala. Ataliwerenga, mawu ake anatsika.

"Pepani, bambo. Bokosi silidutsa kuno, lili ndi a katundu. Koma likwera ndege yomweyi. Likhala pansi panu."

Anakwera m'mawa ndithu, koma ndege sinanyamuke. Woyendetsa analankhula kawiri kupepesa, akuti kachitsulo kena kakuvuta. Adalaivala sanadandaule. Galimoto yokonzedwa padepoti iposa yokonzedwa pamsewu, nanji kumwamba kopanda poimika. Koma maso awo sanachoke pawotchi. Ndege itadzuka, maola awiri anali atapita, ndipo pa atatu aja panatsala limodzi.

Ulendo wonse mapazi awo anawaika pansi mosamala, ngati wina wagona kunsi kwa mpando. Chakudya chitabwera anangotenga madzi.

Pabwalo lapakati anatsika masana. Anathamanga monga amathamangira munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu, kachikwama kakumenya m'nthiti. Makonde ake anali aatali ngati msewu wa mumzinda, mashopu mbali zonse, anthu a mitundu yonse akukoka masutikesi. Chikwangwani chinawafikitsa pamzere wa makina ounikira katundu. Iwo ankayesa kuti zounikazo anathana nazo m'mawa, koma apa zinayambiranso. Botolo la madzi analandidwa. Anawauza kuvula nsapato, wotchi ndi lamba. Masabata awiri aja anali atawadya thupi, moti anadutsa pamakinawo dzanja lina litagwira thalauza.

Pageti yokwerera ndege anapeza anthu ayamba kale kulowa. Sanaime pamzere. Anapita kwa mnyamata wa yunifomu amene ankaunika ziphaso, n'kumupatsa pepala la katundu lija.

"Ndisanakwere, mundionere ngati bokosi ili lakwera."

Wa pagetiyo anagogoda pakompyuta, anaimba foni, anadikira, anaimbanso. Poika foni pansi sanawayang'ane m'maso.

"Silikwera, bambo."

"Mwati bwanji?"

"Ndege yanu inachedwa. Munthu amathamanga ndi miyendo, sutikesi imathamanga palamba. Koma bokosi ngati limeneli limayamba lapita kunyumba ya katundu, alione, alilembe, kenako alibweretse kuno. Pamafunika maola atatu kapena anayi. Panopa alisunga m'chipinda chozizira."

"Ndiye ndege idikire."

"Singadikire."

"Ina ikunyamuka liti?"

"Mkuja. Njira yanuyi timapita katatu pasabata."

Adalaivala anagwira m'mphepete mwa kauntala. Pamzere panali mayi wina wakwawo, wa geni, wonyamula zikwama zitatu zotupa. Anali atamva zonse, ndipo anachoka pamzere n'kuwagwira pamkono.

"Bambo, pepani ndi zovutazi. Koma mverani ine, njira ino ndaiyenda mpaka yandizolowera. Kwerani. Malemuwo sasochera, ali ndi nambala. Amene musochere ndinu."

Anawathandiza kulumikiza foni ku intaneti ya pabwalopo. Ataimba kwawo, anayankha mng'ono wawo, amene ankayendetsa zonse kunyumba ya maliro. Kumbuyo kwake kunkamveka nyimbo.

"Kwerani, achimwene," anatero atamva nkhaniyo. "Mufike, mupume, mkuja tidzapitire limodzi kukalandira thupi. Mukatsala kumeneko mupindula chiyani?"

Kenako panamveka kulimbirana foni, ndipo anabwera akazi awo. Mawu anali atasasa ndi kulira kwa masabata awiri.

"Abambo ake, mwana ali kuti?"

"Akuti m'chipinda chozizira. Pompano pabwalo."

"Ali ndi ndani?"

Adalaivala anasinthira foni kukhutu lina.

"Anafa yekha, pakati pa alendo," anatero mayiwo. "Agonenso yekha panjira?"

Sanawauze kuti atsale. Anangolira, foni n'kuduka.

Pamzere panatsala anthu anayi. Wa pageti anatambasula dzanja kufuna chiphaso.

"Sindikwera."

"Bambo, mundimvetse bwino. Mukanasiyidwa chifukwa cha kuchedwa kwathu, tikanakupezerani mpando ife. Koma mwafika nthawi yake, mpando wanu ulipo. Mukaukana nokha, wa mkuja sindingakulonjezeni."

"Ndamva. Sindikwera."

Mayi wa geni anapukusa mutu, anawapanikiza paketi ya mabisiketi m'manja, n'kulowa. Ndege inachedwa mphindi makumi awiri, anthu a pansi akusaka sutikesi ya Adalaivala kuti aitsitse, chifukwa katundu wa munthu amene sanakwere saloledwa kupita yekha. Iwo anaona kuti lamulo limeneli ndi lanzeru. Chimene sanamvetse n'chakuti bwanji silinagwire ntchito pa mwana wawo.

Kudesiki ya osintha ndege anapeza mayi wachikulire wa magalasi, mkulu wa pamenepo. Anamvetsera osawadula, ndipo ataona kalata ya imfa anati tikiti aisintha popanda chindapusa.

"Koma ndege ya mkuja ndi yodzaza. Ndikulembani pa odikira. Wina akapanda kubwera, mukwera."

"Nanga bokosi?"

"Bokosi malo ake ndi otsimikizika."

"Ndiye mundiperekeze ndikalione. Ngakhale kungoima pakhomo."

Mayiyo anavula magalasi. "Nyumba ya katundu ili kunja kwa mpanda. Kuti mukafikeko muyenera kudutsa kwa a zolowa ndi zotuluka, ndipo pasipoti yanu imafuna viza. Viza yake saperekera pano."

"Kodi panopa ndili m'dziko lanu kapena ayi?"

"Muli pabwalo la ndege, bambo. M'dziko simunalowe."

Mayiyo anatuluka m'desikimo n'kuwatengera kumapeto kwa khonde, pazenera lalikulu. Kutsidya kwa msewu wa ndege kunali chinyumba chachitali chotuwa, cha zitseko ngati za galaja. Anawalozera chitseko chachitatu kuchokera kumanzere. Anawasiyiranso timapepala tolandirira chakudya.

Pazenerapo ndi pamene Adalaivala anakhala masiku awiri. Mipando yake inali ya zogwirira zachitsulo pakati, yopangidwa dala kuti munthu asagonepo. Magetsi sankazima, ndipo mawu a mzimayi wolengeza ndege sankatha, m'zinenero zitatu. Anthu ankabwera, kukhala pambali pawo ola limodzi, n'kupita. Palibe amene anawaonapo kawiri.

Amene anawaona anali mkulu wina wokolopa, woonda, wochokera kudziko linanso. Analibe chinenero chogawana. Tsiku loyamba anangokolopa mozungulira mapazi awo. Lachiwiri anawakodola n'kuwaonetsa mpopi wa madzi akumwa, bafa la kuseri kwa zimbudzi, ndi kachipinda kopemphereramo kokhala ndi kapeti, kumene munthu akanatha kuwongola msana. Adalaivala anamuonetsa chithunzi cha Nesi pafoni, atavala zoyera za kuntchito, kenako analoza chinyumba chotuwa chija. Mkuluyo anayang'ana chithunzi, anayang'ana chinyumba, anaika dzanja pachifuwa. Anakhala nawo pampando mphindi zingapo, mpaka kapitawo wake atatulukira pakona.

Mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi anali m'sutikesi, ndipo sutikesiyo inali kwinakwake pansi pa nyumbayo. Anachita manyazi kukavutitsanso mayi wa magalasi. Mapazi anatupa mpaka anamasula zingwe za nsapato. Mutu unkagunda kumbuyo. Komabe chitseko chachitatu chikatseguka ankaimirira, ndipo nthawi zina ankalankhula motsitsa.

"Ndili pano, mayi wanga. Usaope. Mkuja tikupita."

Tsiku la ulendo anafika pageti maola atatu nthawi isanakwane. Wa pageti anali yemwe uja. Anawapatsa moni mwaulemu n'kuwaonetsa mndandanda wa odikira. Dzina lawo linali lachisanu.

"Lachisanu bwanji, poti ndinalembetsa dzana?"

"Dzulo ndege ina inalephereka. Anthu ake anasiyidwa osafuna, ndiye amayamba ndi iwo. Ndi mmene zimayendera."

Anthu analowa, mzere ndi mzere. Adalaivala ankawawerenga ngati matumba okwera mulole. Pomaliza wa pageti anaitana dzina loyamba la odikira, kenako lachiwiri. Anayang'ana pakompyuta kanthawi, n'kutseka buku lake.

"Yadzaza, bambo."

"Ndikhala pansi. M'kanjira ka pakati."

"Sizololedwa."

"Ndiima. Ndaimapo m'basi tsiku lathunthu ine."

"M'ndege saima, bambo."

Adalaivala anatembenukira anthu ochepa amene anali asanalowe. Munthu amene moyo wake wonse sanapemphepo ngakhale machesi anakweza mawu pakati pa alendo.

"Abale anga, mwana wanga ali m'bokosi pansi pa ndege iyi. Ndani angandipatse mpando? Ndikupemphani."

Bambo wina wa suti anayang'ana pafoni yake. Awiri anafulumira kulowa. Koma mtsikana wina wa chikwama cha kumsana, wooneka ngati wa sukulu ya ukachenjede, anabwerera pakhomo.

"Tengani wanga, adadi. Ine ndilibe changu."

Wa pageti anapukusa mutu. "Tikiti sapatsirana, chemwali. Mukatsika inu, mpando upita kwa wachitatu pamndandanda." Analoza mayi wina amene anakhala pakona, khanda lili pamiyendo, maso ali ofiira. "Kenako wachinayi. Iwowa ndi achisanu."

Mtsikanayo anati pepani n'kulowa.

"Ndiye tsitsani bokosi," anatero Adalaivala. "Tidikire limodzi."

"Mukalitsitsa, ulendo winawo mudzapeza mpando inu, ilo n'kusowa malo. Mudzakhala mukusinthana chonchi mpaka liti?"

Adalaivala anapita pagalasi. Pansi, kathirakitala kanafika kakukoka ngolo zitatu. Pa yachiwiri, pakati pa makatoni a zitsulo za makina, panali bokosi lalitali lokutidwa ndi chinsalu chotuwa, lomangidwa malamba awiri, pepala loyera litamatidwa kumutu. Anyamata awiri a majekete owala ankaseka nkhani yawo. Atafika pabokosilo anasiya kuseka, analinyamula bwinobwino, analiika pamakina okwezera. Linakwera pang'onopang'ono n'kulowa m'mimba mwa ndege. Diso lawo la ntchito linaona kuti lamba wa kumiyendo ndi wolefuka, ndipo Adalaivala anagogoda pagalasi kuti awauze. Galasi lake linali lochindikala ngati khoma.

Anaima pomwepo mpaka ndege inabwerera m'mbuyo, inakhota, inathamanga, inasowa m'mitambo.

Mayi wa magalasi anawapezera mpando wotsimikizika pa ndege yotsatira, yonyamuka pakapita masiku ena awiri. Ataona mapazi awo anaitanitsa sutikesi kuti atengemo mankhwala, ndipo anawakalipira ngati mlongo wawo chifukwa chosanena msanga. Iwo anangoti zikomo.

Madzulo ake mng'ono wawo anaimba.

"Thupi talandira, achimwene. Lafika bwino."

"Chabwino."

"Koma pali nkhani. Anthu akhala pano masabata atatu tsopano. Ena anasiya ntchito, ena anasiya ana. Manda tinakumba tsiku lija munkayenera kufika, ndipo mvula ya dzulo yagumula mbali imodzi. Akuluakulu akuti sitingadikirenso."

"Amayi ake akuti chiyani?"

"Sakulankhula. Akungokhala pafupi ndi bokosi. Akuti zimene munene inuyo."

Adalaivala anayang'ana chinyumba chotuwa chija. Chitseko chachitatu chinali chotseguka, ngolo ya mabokosi a maluwa ikulowa.

"Ikani," anatero. "Wayenda mokwanira."

Mawa lake cha m'ma teni, mng'ono wawo anaimbanso ali kumanda, n'kukweza foni m'mwamba kuti amve. Adalaivala anasaka malo opanda phokoso koma sanawapeze, chifukwa m'kachipinda kopemphereramo intaneti sinkafika. Anaima pakati pa shopu ya mawotchi ndi ya mafuta onunkhira, chala china chitatseka khutu. Nyimbo inkabwera modukaduka. Abusa akayamba mawu, mzimayi wolengeza ndege ankawaphimba, kuitana anthu ochedwa pageti ina. Anamva dzina la mwana wawo likutchulidwa lonse, monga linalembedwera pa ubatizo. Anamva kulira kumodzi kokwera kuposa kwina konse, ndipo anakuzindikira. Kenako dothi loyamba linagunda pabokosi.

Lachiwiri sanalimve. Foni inalemba kuti nthawi ya intaneti yatha, alowenso mwatsopano. Anadina apa, anadina apo, zala zikukana. Mmene mnyamata wa m'shopu ya mawotchi ankawathandiza, mphindi khumi zinali zitapita, ndipo foni ya mng'ono wawo inkangoitana osayankhidwa.

Anakhala pansi pomwepo, pasimenti yonyezimira, msana utatsamira khoma la shopu. Anthu ankawalambalala ndi masutikesi awo. Wachitetezo wina anabwera kudzawauza kuti pamenepo sipokhala, koma ataona nkhope yawo anangoima chapatali, n'kuwasiya.

Ndege yawo inanyamuka nthawi yake, osachedwa ngakhale mphindi imodzi, ndipo mipando iwiri ya pambali pawo inali yopanda anthu.

Kwawo anatera masana dzuwa likuswa mtengo. Sutikesi inatuluka yoyambirira palamba. Panja anapeza mng'ono wawo ndi akazi awo. Mayiwo anali atachepa, mpango wakuda utafika m'maso. Adalaivala anali atakonza mawu ambiri m'ndege, opepesa ndi ofotokoza, koma onse anathawa. Akazi awo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zosamanga.

"Mwatupa mapazi," anatero.

"Aphwera."

"Ndine ndinakutsekerani kumeneko."

"Ayi. Ndinatsala ndekha."

M'galimoto anakhala kumbuyo onse awiri, mng'ono wawo akuyendetsa. Anadutsa maloboti awiri. Kenako mayiwo anayamba, maso ali pazenera.

"Bokosi anakana kutsegula. Akuti m'kati muli lina lachitsulo, lowotcherera, ndipo lamulo sililola. Ndinawapempha, ndinagwada. Ine ndaika bokosi, abambo ake. Mwana sindinamuone."

Mayiwo anawatembenukira.

"Inu munamuona?"

"Ndinamuona. Asanatseke anandiitana."

"Ndiuzeni."

"Anali ngati wagona."

"Zimenezo amanena aliyense. Ndiuzeni bwinobwino."

Adalaivala anatseka maso. Anayamba ndi tsitsi: anzake analiluka mizere isanu ndi umodzi yopita kumbuyo, ndipo pamwamba pa khutu lamanzere panali imvi zitatu, mwana wa zaka makumi atatu ndi zinayi. Masaya anali atadzaza pang'ono kuposa pa zithunzi. Chipsera cha pachibwano, chija anagwa panjinga ya amalume ake, chinali chikuonekabe. Anamuveka diresi yobiriwira ya manja aatali, imene iwo anasankha okha m'kabati yake chifukwa inali yokhayo yopachikidwa m'pulasitiki.

"Ya kolala yoyera?"

"Yomweyo."

"Ndinasoka ine imeneyo. Ankati yamuthina." Mayiwo anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Nanga manja? Zikhadabo anali akudyabe?"

"Anasiya. Zinali zazitali, zoyera bwino."

"Pitirizani."

Anali atafika pamphambano yokhotera kunyumba, kumene anthu anali kudikira kuti awapepese. Mng'ono wawo anawayang'ana pagalasi, anazimitsa indiketa, n'kupitirira molunjika, galimoto ikuyenda pang'onopang'ono. Adalaivala anali akufotokozabe, asanafike kumapazi.